Zilembo Ziwiri

Sindinapite kuchipatala chifukwa cha chifuwa ayi.
Wakabaza ndiye anandigwetsa pa Kamuzu Road,
pafupi ndi amayi ogulitsa anyezi,
ndipo nthiti zinkandibaya ndikaseka.
Twaibu, mnyamata wojambula mafupa, anati:
Kokani mpweya. Gwirani pomwepo. Musapume.
Ndinamvera ngati mwana wa sitandade wani.
Nthiti zinali zonse, anaziwerenga ndi chala,
koma chala chija chinaima pena
n'kukhalitsa.

Ku Lilongwe anandigoneka m'makina obulungira
odula munthu ngati buledi popanda mpeni.
Ndinabwerera ku Salima ndi envelopu yaikulu
imene sinkakwana m'chikwama.
M'minibasi ndinaifungatira,
mayi wina n'kundifunsa ngati ndi satifiketi.

Kanthuko n'kochepa, sikaposa nzama.
Kali kumwamba, kudzanja lamanja,
kotuwa ngati pamene mwana wauzira mpweya pagalasi la zenera:
mitengo ya kuseri ukuionabe,
timitsempha tikudutsa osapatuka.
Pakati pokha ndi pamene pali kadontho kolimba.

Munasutapo fodya? Dokotala Chimbiya anafunsa.
Ine? Fumbi la choko basi, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Sanaseke. Anatembenuza pepala n'kujambula kabwalo.
Selo lililonse, anatero, lili ndi buku lake la malamulo,
ndipo likamagawikana limakopera.
Nthawi zina pokopera pamagwa zilembo.
Kachifunga kotere, mwa amayi osasuta,
kawirikawiri kamayenda ndi cholakwa chimene timachidziwa dzina.
Kawirikawiri, osati nthawi zonse.
Chithunzi chimangonong'ona.
Woti alankhule mokweza ndi kanyama kamene tikatapemo.

Apo ndinamva, mwina kuposa mmene iwo ankaganizira.

Chaka china ndinalemba pabolodi: Usabe.
Matiyasi, wokhala kutsogolo, wa malaya opanda mabatani,
anakopera: Ube.
Mnzake wa pambali anaonera kwa Matiyasi,
wa kumbuyo anaonera kwa mnzakeyo,
pofika nthawi ya buleki mzere wonse wa kukhoma
unali utalamulidwa kuba,
m'zilembo zokongola, zoongoka bwino.
Palibe anachita mwano.
Aliyense anakopera mokhulupirika.

Ndiye kuti m'phapo langa muli Matiyasi.
Analembedwa kuti usakule,
iye anawerenga ukule,
ndipo akumvera, mwana wabwino,
usiku ndi usana akumvera.

Kanyama kaja kanapita m'kabotolo
kumzinda umene sindinaupondepo.
Akuti masabata asanu, mwina asanu ndi awiri.
Akuti akapeza kuti n'zilembo zomwezo
alipo mapiritsi odziwa khomo lake,
koma mtengo wake anaunena akuyang'ana pansi.
Akutinso poti takapeza kakadali kakhanda
mpeni wokha ungathe kukwanira.
Ndinapita kukamufuna wakabaza uja kuti ndimuthokoze.
Atandiona anathawa.

Pakali pano ndikudikira.
Kutentha kwa Okutobala kwafika, malata akulira masana,
mibuyu ya ku Khombedza yaima yopanda tsamba.
Envelopu ili pamwamba pa kabati, pansi pa Baibulo.
Usiku wina ndimaitsitsa,
n'kuyang'anitsa chithunzi pa nyali ya sola
ngati ndingaone ndi maso anga pamene sa anagwera.
Sindiona kanthu. Chifunga chokha.

M'mawa ndili ndi makope makumi asanu ndi atatu.
Bolopeni yofiira ili m'dzanja.
Kale ndinkangokhwatcha, mzere umodzi, wotsatira.
Tsopano ndimaitana mwanayo,
ndimamuonetsa kampata pakati pa u ndi b,
ndimati: apa panali kanthu, bwezera.
Amabwezera, n'kubwerera pamalo pake akudumpha.

Ndimakoka mpweya.
Ndimagwira pomwepo, pang'ono,
kumvetsera ngati m'katimo
wina akukopera.